Agogo Oluka Juzi Amene Apolisi Amawaderera

Pa tchuthi chapitachi tinalandira ana a mlongo wathu ochokera ku tauni. Usiku wina titatha kudya, wamkulu wa iwo anatiikira filimu ya Angerezi pa wailesi ya kanema, ati aphunzitsi anamuuza kuti aziionera kuti Chingerezi chake chisongoke. Sipanathe mphindi 10, azing'ono ake anayamba kuyasamula. "Amalume, filimu yanji yopanda ndewu? Palibe mfuti, palibe kuthamangitsana pa galimoto. Agogowa akungomwa tiyi basi." Anatuluka mmodzimmodzi kukasewera bawo pakhonde.

Amene anatsala pamphasa anali mayi athu okalamba, omwe Chingerezi sachimva nkomwe. Anatilamula kuti tiziwamasulira. Filimu ili pakati anatigwira mkono nati: "Uyo wa suti yoyerayo musamukhulupirire. Wolira maliro moona sayang'ana amene akumuona." Pothera pake wakupha anali yemweyo. Tsiku lotsatira tinaonera ina, ndipo anaphonya, naseka mpaka misozi. Koma kuyambira pamenepo takhala tikuganizira za agogo a m'filimu aja, ndi chifukwa chake anyamata anathawa pamene nkhalamba inatsala.

Agogowo dzina lawo ndi Jane Marple, koma onse amangoti Miss Marple chifukwa sanakwatiwepo. Si munthu weniweni ayi. Anawapeka ndi Agatha Christie, mlembi wa ku England amene anabadwa mu 1890 ku Torquay namwalira mu 1976. A Marple anaonekera koyamba m'nkhani yaifupi mu 1927, ndipo buku loyamba lathunthu, The Murder at the Vicarage, linatuluka mu 1930. Mabuku athunthu onena za iwo alipo 12. Bungwe la BBC linajambula onsewo kuyambira mu 1984 mpaka mu 1992, ndipo amene anasewera ngati a Marple anali Joan Hickson. Mayi ameneyu anayamba ntchitoyi ali ndi zaka 78 naimaliza ali ndi zaka 86, msinkhu umene ambiri amati munthu wangotsala kuwothera dzuwa.

Nkhanizi zimachitika ku England wakale, cha m'ma 1950. A Marple amakhala m'mudzi wopeka wotchedwa St Mary Mead, umene a BBC anaujambula pa mudzi weniweni wa Nether Wallop ku Hampshire. Ndi nthawi ya sitima za malasha, njinga zakapalasa, makalata a pa positi ofesi ndi lamya ya chingwe. Kulibe foni za m'manja, kulibe makamera a m'misewu. Wofuna kudziwa choona ayenera kufunsa anthu, kumvetsera ndi kukumbukira. Ambiri ophedwa m'nkhanizi amafa ndi poizoni, ndipo apa mlembi sankalota: pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse Agatha Christie anagwira ntchito m'chipatala, mbali yosakaniza ndi kupereka mankhwala, kotero ankadziwa chimene chimachiza ndi chimene chimapha.

Tiyeni titenge nkhani imodzi, 4.50 from Paddington, buku la mu 1957 limene a BBC anajambula mu 1987. Mayi wachikulire, Mrs McGillicuddy, akwera sitima pa siteshoni ya Paddington ku London kupita kukacheza kwa mnzake, a Marple. Panjira sitima ina iyenda pambali pa yawo, kulowera komweko. Pa zenera la sitima inayo mayiyo aona mwamuna, amene wamufulatira, akukanyanga mkazi pakhosi mpaka kufa. Kenaka sitima zisiyana. Mayiyo auza woona matikiti, koma iye aganiza kuti nkhalamba inali kusinza ndipo yalota. Apolisi afufuza m'sitima ndi m'mbali mwa njanji, osapeza mtembo. Nkhani ithera pomwepo.

Amene akhulupirira ndi a Marple okha. Chifukwa chawo n'chapafupi: mnzawoyo amamudziwa kwa zaka zambiri, ndipo si munthu wopeka nkhani. Tsono ngati mtembo sunapezeke m'sitima, ndiye kuti unaponyedwa panja, ndipo wina anabwera kudzauchotsa. Agogowo akwera okha sitima pa njanji yomweyo, ayang'ana mapu, napeza malo amene njanji imakhota pamwamba pa chitunda, m'malire a nyumba yaikulu yotchedwa Rutherford Hall. Podziwa kuti miyendo yawo singathenso kukwawa m'tchire, apempha mtsikana wanzeru, Lucy Eyelesbarrow, kuti akalembedwe ntchito m'nyumbamo n'kumafufuza. Mtembo upezekadi, utabisidwa m'bokosi lamwala m'nyumba yosungiramo katundu. Wakupha sititchula pano, kuopa kukulandani chakudya pakamwa.

Onani, awerengi athu, kuti m'nkhaniyi agogo awiri anali ndi choona m'manja, ndipo amuna a yunifolomu anachitaya chifukwa cha imvi za ochinenawo. Apa ndi pamene pagona kukoma kwa mafilimu onsewa. Chida cha a Marple ndi kudereredwa komweko. Amakhala pakona ndi ulusi wawo akuluka juzi, ndipo anthu amalankhula pamaso pawo ngati palibe munthu. Wakupha amachenjera ndi wapolisi, koma ndani amachenjera ndi nkhalamba yofunsa za maluwa ndi mtengo wa nsomba? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthabwala zawo nazo ndi zobisika. Sakweza mawu, sanyoza. Amayamba ndi kupepesa kuti iwo ndi munthu wa kumudzi wosadziwa zambiri. Kenaka, pakati pa mlandu woopsa, amayamba kusimba za mnyamata wina wa pa sitolo ya kwawo, kapena mtsikana amene anawagwirirapo ntchito kale. Wapolisi wina wopupuluma, Inspector Slack, zimenezi zimamutopetsa kwabasi. Koma Sir Henry Clithering, amene anali mkulu wa apolisi a ku Scotland Yard, amatchera khutu, chifukwa amadziwa kuti fanizolo likatha wakupha adzakhala atavulidwa. Chiphunzitso cha agogowa ndi chakuti mtima wa munthu ndi umodzimodzi kulikonse. Dyera limene anaona pa wakuba kakang'ono m'mudzi ndi lomwelo limene limapha munthu m'nyumba ya chuma. Amene waona mudzi umodzi bwinobwino kwa zaka 70 waona dziko.

Wina anganene kuti: kodi imeneyi si miseche chabe yovekedwa chipewa? Funsoli ndi loyenera, ndipo mlembi mwini analiyankha m'buku la The Moving Finger, limene linajambulidwa mu 1985. M'tauni yaing'ono ya Lymstock anthu ayamba kulandira makalata opanda dzina, owanenera zachiwerewere ndi zina zonyansa. Anthu ayamba kunong'onezana kuti pofuka utsi pali moto. Mayi wina apezeka atafa, kalata yotere ili pafupi. Anthu a m'deralo aloza chala mayi wina, Mrs Cleat, popanda umboni uliwonse, chifukwa chakuti kuyambira kale ankamunena kuti ndi mfiti. Tinawerenga pamenepa mtima uli thi, pokumbukira nkhalamba za kwathu kuno zimene zagendedwa ndi kuwotcheredwa nyumba chifukwa cha mawu omwewo.

A Marple sanapite ndi gulu. Anafunsa funso lakuti: kodi zimene makalatawa akunena n'zoona? Anapeza kuti n'zabodza zokhazokha. Munthu wodziwa zinsinsi za m'deralo akanalemba zenizeni, poti zinalipo. Choncho makalatawo anali utsi wofukizidwa dala kuti ubise mlandu wina. Apa ndi pamene wamiseche ndi wanzeru amasiyana. Onse awiri amamva zambiri. Wamiseche amathamanga nazo kuchitsime zisanapole, ndipo amakondwa zikakhala zoipa. Wanzeru amazisunga, amaziyesa, ndipo satchula dzina la munthu mpaka umboni utakwana. Akatsegula pakamwa, cholinga chimakhala kumasula wosalakwa amene akumuganizira.

Nkhani imene inatikhudza koposa ndi A Pocket Full of Rye, buku la mu 1953. Anthu atatu a m'nyumba ya munthu wolemera, Rex Fortescue, aphedwa. Mmodzi mwa iwo ndi Gladys Martin, mtsikana wantchito, wamasiye, wopanda nzeru zambiri ndiponso wosaoneka bwino kwenikweni. Wakuphayo anamupana mphuno ndi chopanira zovala pa chingwe, monga momuseka. A Marple awerenga zimenezi m'nyuzipepala nakwera sitima, chifukwa Gladys anaphunzira ntchito m'nyumba mwawo. Palibe anawaitana. Sanapitire wolemerayo ayi. Anapitira mwana amene analibe womulira. M'bukulo, atabwerera kwawo, apeza kalata imene Gladys anawalembera asanafe, yopempha malangizo, koma inasochera pa positi ndipo inafika mochedwa. Mtsikanayo anali atanyengedwa ndi mwamuna wa pakamwa pokoma amene anamulonjeza ukwati. Inu makolo amene ana anu aakazi ali pa ntchito m'nyumba za anthu ku tauni, kodi ali ndi wamkulu amene angamuuze zakukhosi nthawi isanathe?

A Marple si okha m'gulu limeneli. Mu 1998 ndi mu 2000 a BBC anaonetsa The Mrs Bradley Mysteries, kuchokera m'mabuku a Gladys Mitchell, ndipo wosewera anali Diana Rigg. Mrs Bradley ndi wa m'ma 1920, wolemera, wovala zipewa zodabwitsa, woyenda ndi dalaivala wake George Moody. Lilime lake ndi lumo, ndipo nthawi zina amatembenukira kwa ife oonera n'kutiponyera nthabwala. Pambuyo pake a ITV anajambulanso nkhani za a Marple kuyambira mu 2004 mpaka mu 2013, poyamba ndi Geraldine McEwan, kenaka ndi Julia McKenzie. Amenewa anasintha zambiri, mpaka kulowetsa a Marple m'mabuku amene mlembi sanawaikemo. Ife tikuti woyamba kumene ayambe ndi Joan Hickson.

Nanga n'zoyenera kuonera pabanja? Magazi saoneka kwambiri, ndipo wakupha sapatsidwa ulemu. Pothera pake choipa chimatsata mwini. Komabe nkhani zake ndi za akuluakulu: kulimbirana chuma cha masiye, kusakhulupirika m'banja, mowa ndi poizoni. Ana aang'ono akagone. Achinyamata aonere pamodzi ndi makolo, ndipo filimu ikafika pakati muziimitsa n'kufunsana kuti aliyense akuganizira yani, ndipo umboni wake ndi wotani. Amene watchula dzina popanda umboni aphike tiyi.

Tibwerere pamphasa paja. Usiku wachitatu anyamata aja anabwerera, osati chifukwa cha filimu, koma atamva kuti agogo awo anagwira wakupha osamva Chingerezi. Anakhala pansi n'kuyamba kuwamasulira okha. Filimu itatha, mayi athu anayamba kusimba za mlandu wina wa maukonde obedwa umene unazunguza mudzi wonse iwo ali mtsikana, ndi momwe mayi wina wokazinga nsomba anaudziwira mwini wake. Ife, ana awo, nkhani imeneyo tinali tisanaimvepo. Sitinawafunsepo.

M'nyumba zambiri muli a Marple athu, akhala pakona, akusankha mpunga, akuona zonse. Amadziwa mkamwini amene akumwetulira mopitirira, ndi mdzukulu amene wayamba kukhala chete. Timawapatsa nsima ndi mankhwala, koma maganizo awo sitiwafunsa, ndipo akalankhula timati ukalamba wayamba. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma kalata ya Gladys itikumbutse kuti nthawi zina akamagonera zinthu zimakhala zitaonongeka kale. Afunseni lero, akadali pamphasa.

Tikumanenso m'kope lotsatira.