ZA MAIKO AKUTALI: MZINDA WA YORK



Mwezi uno tiyeni tiwoloke nyanja, tikaone mzinda wa York, umene uli chakumpoto kwa dziko la England. Alendo ambiri akafika ku Britain amathera masiku awo onse mu London, naona nyumba ya mfumu ndi milatho ya pa mtsinje wa Thames, nabwerera kwawo alikunena kuti dziko lonse aliona. Koma wofuna kudziwa mbiri ya eni dzikolo akwere sitima ya pamtunda pa King's Cross. Atayenda ngati maola awiri, mtunda wa makilomita 300, adzatsika pa York, pomwe kamtsinje ka Foss kathira mumtsinje wa Ouse.

Mzindawu ngwakale ndithu. Anaumanga ndi asilikali a Aroma m'chaka cha 71, nautcha Eboracum. Mafumu awiri a Aroma anamwalira momwemo: Septimius Severus mu 211, ndi Constantius mu 306. Atamwalira wachiwiriyu, asilikali anafuula kuti mwana wake Constantine ndiye mfumu. Ndiye Constantine yemwe uja amene mu 313 anapatsa Akhristu ufulu wakupembedza poyera. Aroma atachoka, dziko linagwa m'manja mwa mitundu ina. Ndipo pa Pasaka wa chaka cha 627 Episkopi Paulinus anabatiza mfumu Edwin m'katchalitchi ka matabwa kamene anakamanga mofulumira. Mu 866 anadza a Viking, anthu ankhondo oyenda m'ngalawa, nalanda mzindawo, nautcha Jorvik. Dzina la York lichokera pamenepo.

Mlendo wanzeru ayambe ndi linga. Mzinda wakalewo ngwozingidwa ndi khoma la miyala, lotalika makilomita atatu ndi kanthu, ndipo pamwamba pake pali kanjira koyendamo anthu, osalipira kanthu. Lingalo lili ndi zipata zazikulu zinayi: Micklegate Bar, Bootham Bar, Monk Bar ndi Walmgate Bar. Pa Micklegate Bar ndipo pamalowera mafumu akadza kudzacheza. Pomweponso kale ankapachika mitu ya anthu oukira ufumu, kuti odutsa aope. Woyenda pa lingali aona madenga ofiira, timinda ta maluwa kuseri kwa nyumba, ndipo pakati pa zonsezo tchalitchi chachikulu chitaimirira ngati phiri.

Tchalitchicho achitcha York Minster, ndipo ndi cholowa m'malo mwa katchalitchi ka matabwa kaja. Anayamba kuchimanga monga chionekera lero cha m'ma 1220, nachitsiriza mu 1472. Taganizani, abale: zaka zoposa 250! Mmisiri woika miyala yoyamba anadziwa kuti sadzaona denga. Anangosiyira mwana wake zida, mwanayo nasiyira mdzukulu. Kum'mawa kwake kuli zenera lalikulu la magalasi amawangamawanga, limene John Thornton wa ku Coventry analipanga kuyambira 1405 kufikira 1408. Pa zeneralo pali zithunzi za chiyambi cha dziko ndi za mathedwe ake, kuti osadziwa kuwerenga aphunzire ndi maso. Amene ali ndi miyendo yolimba akwere makwerero 275 a nsanja yapakati, akaone chigwa chonse cha York. Mu July 1984 moto unatentha denga la mbali ya kummwera. Koma amisiri analikonzanso m'zaka zinayi. Kuyambira masiku a mfumu Henry VIII ndi ana ake tchalitchichi chili m'manja mwa Mpingo wa Anglican, ndipo mlendo aliyense amlandira mwaulemu.

Tsopano titsike, tiloze kumsewu wotchedwa Shambles. Ndi kamsewu kopapatiza, koyalidwa miyala, ndipo nyumba zake zamatabwa zaweramirana pamwamba ngati nkhalamba zonong'onezana. Kale unali msewu wa opha ng'ombe ndi ogulitsa nyama. Ngowe zina zopachikapo nyama zikali pa makoma. Lero muli masitolo a maswiti ndi timphatso, ndipo alendo amadzazamo tsiku lonse, yense ali ndi foni m'manja kujambula. Ambiri amapitirira khomo lina laling'ono osalitembenukira. Ife tiime pamenepo, pakuti m'katimo muli kachipinda kopemphereramo, kokumbukira mayi wina amene anakhala mumsewu womwewu.

Dzina lake ndi Margaret Clitherow. Mu 1571 anakwatiwa ndi John Clitherow, wogulitsa nyama wolemera, ndipo mu 1574 analowa Mpingo wa Katolika, mwamuna wake nakhalabe mu mpingo wa boma. Masiku amenewo, pa ufumu wa Elizabeth I, wosapita kutchalitchi cha boma ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Margaret anaponyedwa m'ndende kangapo, ndipo m'ndendemo ndimo anaphunzira kuwerenga. Mu 1585 linatuluka lamulo lakuti wosunga wansembe m'nyumba mwake aphedwe. Iye sanaleke, anali ndi chipinda chobisika chochitiramo Misa, nasonkhanitsanso ana kuti aphunzire katekisimu.

Mu March 1586 akuluakulu a mzinda anafufuza m'nyumbamo. Anaopseza kamnyamata kena kamene kankakhala nawo, ndipo chifukwa cha mantha kanawasonyeza malo obisika aja. Atafika pabwalo, oweruza anafunsa Margaret ngati avomera kapena akana mlandu. Koma iye anakana kuyankha. Anadziwa kuti mlandu ukazengedwa, ana ake ndi antchito ake adzaitanidwa kuti achitire umboni, ndipo adzayenera kunama, kapena kupereka mayi wawo ku imfa ndi pakamwa pawo. Anasankha kuti katunduyo ausenze yekha. Lamulo la nthawiyo linati wokana kuyankha apsinjidwe mpaka afe. Pa 25 March 1586, pafupi ndi mlatho wa Ouse, anamgoneka pansi, namuikira mwala wakuthwa kumsana, namsanjika chitseko, naunjikapo zolemera. Ndipo patapita mphindi ngati 15 anatsirizika. Asanafe anatumiza chipewa chake kwa mwamuna wake, ndi nsapato zake kwa mwana wake wamkazi Anne, kuti aponde m'mapazi ake. Anne atakula analowa usisitere ku Louvain. Papa Paul VI anamwerengera Margaret m'gulu la oyera pa 25 October 1970.

Kunja kwa Micklegate Bar kuli nyumba ya masisitere yotchedwa Bar Convent, yoyambidwa mu 1686, pamene nyumba zotere zinali zoletsedwa. Tchalitchi chawo cha 1769 anachibisa pansi pa denga wamba kuti chisaoneke kumsewu, nachiikira makomo asanu ndi atatu othawirapo. Komweko asunga dzanja la Margaret, ndipo alendo aloledwa kulowa.

Ana sadzasowa chowakondweretsa. Pafupi ndi siteshoni pali National Railway Museum, nyumba yosungiramo sitima zakale, yotsegulidwa mu 1975. Mmenemo muli injini ya nthunzi yotchedwa Mallard, imene pa 3 July 1938 inathamanga mamailosi 126 pa ola. Palibe injini ina ya nthunzi yaposa liwiro limenelo.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ena a inu muli ndi ana kapena abale ogwira ntchito ndi kuphunzira ku Britain, ndipo tsiku lina mudzapita kukawaona. Musathamangire mizinda khumi m'sabata limodzi. Sankhani umodzi, muyendemo pansi, mufunse eni ake za anthu amene anakhala m'nyumbazo. Mukafika pa York, tengani chovala cha mvula ndi nsapato zolimba, mulawire m'mawa misewu isanadzaze. Ndipo pofika mu Shambles, imani pa khomo laling'ono lija, mufotokozere ana anu za mayi amene anakhala chete pabwalo kuti ana ake asasenze mlandu wa imfa yake.

Mulungu akusungeni nonse m'mabanja mwanu, kufikira tidzachezenso mwezi wamawa.