Ndevu za amayi si ufiti

M'midzi yambiri ya boma la Mecanhelas, kuyambira ku Insaca mpaka ku Entre Lagos ndi m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, muli amayi amene safuna kuti dzuwa liwatulukire asanagwire lezala. Amadzuka m'bandakucha, nakabisala kubafa kuti apale timandevu tomwe tawamera pachibwano. Akapanda kutero, pachitsime pamakhala manong'onong'o. Ena amati mkazi wandevu ndi mfiti, ena amati ndi wankhanza ndipo adzalamulira mwamuna wake. Naye mtsikana wacheya chambiri m'miyendo amasekedwa ndi anzake mpaka kuyamba kujomba kusukulu.

Kumeta pakokha si chinthu choipa. Pamaliro abale amameta mpala posonyeza kuti kulira kwatha. Kuchinamwali anamkungwi amameta anamwali, ndipo alangizi amaphunzitsa akwati za kumetana m'banja. Miyambo imeneyi ili ndi nthawi yake ndi tanthauzo lake. Koma kunyoza munthu chifukwa cha mmene thupi lake lidabadwira si mwambo wa makolo ayi, ndi chipongwe chabe.

A zachipatala amafotokoza kuti munthu aliyense, mwamuna ndi mkazi yemwe, ali ndi timadzi ta m'thupi totchedwa mahomoni, tomwe timameretsa tsitsi ndi cheya. Amayi ena cheya chimawachulukira chifukwa ndi chakumtundu, monga mmene ena amabadwira aatali, ena aafupi. Enanso ndevu zimayamba kuoneka akasiya kusamba, pamene mahomoni aja asintha. Agogo ambiri amene amanenedwa ufiti chifukwa cha ndevu, mlandu wawo ndi ukalamba basi.

Komabe pali nthawi imene ndevu zimafuna dokotala. Ngati zamera mwadzidzidzi, mawu ayamba kukhala aakulu ngati a mwamuna, kapena mayi akusamba modumphadumpha ndipo akuvutika kutenga pakati, ayenera kupita kuchipatala ku Insaca kapena ku Cuamba. Vuto lotere nthawi zambiri limakhala m'mabasiketi a mazira a mayi, ndipo thandizo lake lilipo. Kupita naye kwa sing'anga kuti akamuchotse ufiti ndi kungotaya nkhuku ndi ndalama.

Pali bodza linanso lakuti ukameta, tsitsi limamera lochuluka ndi lolimba kuposa kale. Lezala limangodula pamwamba pa khungu, silifika pamuzu. Tsitsi lophukira limabaya chifukwa nsonga yake yadulidwa, koma kuchuluka kwake ndi komweko. Chomwe chimachuluka ndi tiziphuphu ndi mabala, makamaka ngati lezala ndi lobuntha kapena ladzimbiri.

Choopsa kwambiri ndi lezala lobwerekana. Mayi wometa mobisa ndi mwamanyazi amangotola lezala lililonse limene lili pafupi. Pamaliro napo, kawirikawiri lezala limodzi limayenda m'mitu ya anthu ambiri. Kadontho ka magazi kotsalira palezala kangathe kupatsira munthu matenda a chiwindi, ngakhalenso kachilombo koyambitsa Edzi. Mtengo wa lezala latsopano pamsika ndi wochepa poyerekeza ndi matenda a moyo wonse. Mafumu ndi akuluakulu a pamaliro ayenera kuonetsetsa kuti wometa aliyense ali ndi lezala lakelake, ndipo wokana kumeta asamukakamize.

Kukakamiza anthu kumeta kudayesedwa kale ndi akuluakulu oposa a pachitsime. Amene adathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, mtendere usanabwere m'chaka cha 1992, akukumbukira kuti pa ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda mwamuna watsitsi lalitali ankalakwira lamulo ndipo ankatha kumetedwa mokakamiza. Lamulo limenelo lidatha pamodzi ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. M'mwezi wa May 2023, bwalo lalikulu la milandu ku Zomba, pansi pa woweruza Zione Ntaba, lidagamula kuti sukulu za boma zisathamangitse ana achirasta chifukwa chokana kumeta tsitsi lawo lopotana. Ngati khoti la tsidya lina la malire lidaona kuti tsitsi silitsekera mwana khomo la sukulu, nanga timandevu titatu tingamutsekere bwanji mayi njira ya kuchitsime?

Wofuna kumeta amete, ndi lezala lake, sopo ndi madzi oyera. Wosafuna asiyidwe, pakuti ukhondo ndi kusamba, osati kupala khungu. Abambo amene akazi awo ali ndi ndevu akhale oyamba kuwaikira kumbuyo, ndipo aphunzitsi adzudzule ana oseka anzawo. Atsikana amene lero akuseka agogo pachitsime akumbukire kuti nawonso adzakalamba. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.