Pulani ya galimoto ndi yaulere, koma pepala siliyenda

Werengani mpaka pansi musanandiyankhe.

Kunjaku kuli anthu amene akugawa ulere pa intaneti mapulani a chassis ya galimoto yamagetsi. Chassis ndiye mafupa a galimoto, zitsulo zapansi zomwe zimanyamula matayala, chiwongolero, mabuleki, batire ndi mota. Bodi imangovala pamwamba, ngati matabwa pa nthiti za boti.

Nkhaniyi si yabodza. Mu 2013 kampani ya OSVehicle idatulutsa ku Italy chassis yotchedwa Tabby, n'kuika zojambula zake poyera kuti aliyense atenge, asinthe, amange yake. Eni ake ankati zipangizo zonse zikakhalapo, kulumikiza sikutha ola limodzi. Mu 2017 Renault idagwirizana nawo, n'kutsegula chassis ya kagalimoto kake ka Twizy. Mu 2020 Foxconn ya ku Taiwan, ija imalumikiza ma iPhone, idayambitsa MIH kuti makampani ambiri azimangira pa chassis imodzi.

Koma aise, tisatengeke. Pulani sibwera ndi batire, pamene batire ndiye chodula kwambiri pa galimoto yotere, ndipo imafuna madola. Ngakhale Local Motors ya ku America, yomwe inkajambula magalimoto pamodzi ndi anthu wamba pa intaneti, idatseka mu 2022. Ndiye wina akakuuzani kuti mudawunilode galimoto, muuzeni akudawunilodereni kaye ndowa ya usipa.

Nanga phindu lili pati? Ine ndikuti lili pa muyeso umodzi. Taonani injini za maboti. Chifukwa ambiri ali ndi Yamaha zofanana, makaniko wa padoko amaidziwa mkati monse, ndipo sipeya ikasowa umabwereka kwa mnzako. Magalimoto ambiri atsopano sali choncho. Kompyuta yake ndi yokiya, ikavuta mpaka makina a eni kampani. Pulani ikakhala poyera, wowotcherera wa ku Monkey Bay ndi wa ku Nkhotakota adula chitsulo chofanana, boti la apa lilowa apo. Ndikunena boti lomangira, osati loyenda pamadzi, musandiseke.

Ifetu sitikufuna galimoto yodyera swaga. Tikufuna chamatayala atatu, choyenda pang'onopang'ono, cholimba mumchenga, chonyamula nsomba ndi ayezi kuchoka padoko kukafika pa tala. Mtunda ndi waufupi, batire yaing'ono ikwana, masana itchajidwe ndi sola. Chambo sichidziwa kuti galimoto ili pa mzere wa mafuta, chimangoola basi.

Ophunzira a ku MUBAS ndi m'makoleji a ntchito zamanja atha kujambula chimodzi, kuchiyesa ndi katundu weniweni, a Road Traffic n'kuchiona, kenako pulani n'kuiponya poyera. Kuyesako tisadumphe. Mabuleki akakana pa chitunda, sanena kuti pulani inali yaulere. Ndipo musati sizingatheke. Ku Uganda ophunzira a ku Makerere adapanga Kiira EV mu 2011, lero Kiira Motors ikupanga mabasi amagetsi a Kayoola.

Chomwe chingatilepheretse si ndalama zokha, komanso kubisa nzeru. Mmisiri wa maboti amasunga miyeso m'mutu, ngakhale mphwake samuuza, akamwalira luso lapita naye kumanda. Wina ati, "Ndikagawa pulani ndidya chiyani?" Achimwene, mudzadya pomanga ndi pokonza. Zikachuluka pamsewu, makasitomala anunso achuluka. Mutu umodzi susenza denga.

Amene muli ndi mbale wowotcherera, makaniko kapena mwana wa ku koleji, mutumizireni uthengawu. Mumufunse funso limodzi: chitsulo chanji chopezeka pa hadiweya yathu chinganyamule makilo 300 mumchenga? Yankho aponye pagulu pano, osati ku inbox.