Njira ya Anthu Pakhomo pa Olemera

Mu tauni ya Newport, ku Rhode Island m'dziko la America, muli kanjira kochedwa Cliff Walk. Kamayenda m'mbali mwa nyanja ya mcere makilomita oposa 5, ndipo kamadutsa kuseli kwa nyumba za anthu olemera koposa.

Imodzi mwa nyumbazi ndi The Breakers, imene a Cornelius Vanderbilt II anatsiriza kumanga mu 1895. Zipinda 70! Koma eni ake anali kubwera kudzakhalamo masabata owerengeka cabe m'nyengo yotentha, n'kubwerera ku New York.

Alendo ambiri amangoti kukamwa yasa poona nyumbazi. Ife tikuti woyenda pansi aimeko pa makwerero ochedwa Forty Steps. Apa ndi pamene anchito a m'nyumbazo, ambiri ocokera ku Ireland, anali kukumana akaweruka, kuimba ndi kubvina. Anali kucapa ndi kuphika ndi iwowa, koma maina ao saveka.

Cina n'cakuti olemera ena anayesa kucinga kanjiraka ndi mipanda, koma analephera, pakuti lamulo la kumeneko limateteza ufulu wa anthu wofika kugombe. Mpaka lero munthu amadutsapo osalipira, ngakhale kuti kulowa m'nyumbamo n'kwa tikiti.