Ana Akukatani ku Las Vegas?

Pali mabodza amene munthu amawakhululukira chifukwa wowanenayo akungofuna kudzipulumutsa, koma pali ena amene amanyansa chifukwa wowanenayo akufuna ndalama ya m'thumba mwako ndi mtima wa mwana wako pakamodzi. Bodza lakuti mzinda wa Las Vegas ndi malo oyenera kukachitirako tchuthi ndi ana lili m'gulu lachiwirili. Ndikunena izi monga munthu amene ndinapondako, komanso monga malume wa ana atatu a mlongo wanga amene anakhazikika ku America ndi mwamuna wake. Kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndipo mbumbayo kaya iwoloke nyanja zingati, pakamwa pa malume sipatsekedwa.

Tiyambe ndi malowo. Mzindawu uli m'chipululu cha Mojave, m'chigawo cha Nevada, kumene mvula ya chaka chathunthu imangokwana mamilimita pafupifupi 100. Dzina lake ndi la Chisipanishi, lotanthauza madambo, chifukwa kale panali akasupe amene anthu a mtundu wa Paiute ankamwapo ndi kulima m'mbali mwake. Tauniyi inabadwa mu 1905 ngati poimira sitima zoyenda pakati pa Los Angeles ndi Salt Lake City, poti sitima za masiku amenewo zinkamwa madzi. Mu 1931 boma la Nevada linavomereza juga, ndipo chaka chomwecho ntchito yomanga damu la Hoover pa mtsinje wa Colorado inayambika. Amuna zikwizikwi olandira malipiro anangopezeka ali pafupi ndi tauni imene inali itangopatsidwa chilolezo chowalanda malipirowo mwalamulo. Umo ndimo mzindawu unakulira. Sunakule ndi mgodi, munda kapena doko ayi. Unakula chifukwa chakuti anthu akaponya ndalama kambirimbiri, masamu amaonetsetsa kuti mwini nyumba ndiye atsale nazo.

Nanga ana analowamo bwanji m'nkhani ya akuluakulu ngati imeneyi? Sanaitanidwe chifukwa cha chikondi. Mu 1978 mzinda wa Atlantic City unatsegula makasino ake, ndipo mu 1988 boma la America linakhazikitsa lamulo lolola mitundu ya eni dziko kuyendetsa juga pa malo awo. Las Vegas anasiya kukhala yekha pamsika, tsono anafunika chinyambo chatsopano. Chinyambocho chinali mabanja. Hotela ya Mirage inatsegulidwa mu 1989 ili ndi phiri lochita kupanga lolavula moto pakhomo pake. Excalibur inatsatira mu 1990 itamangidwa ngati nyumba ya mafumu a m'nthano. Mu 1993 mokha munabwera Luxor yooneka ngati manda a mafumu a ku Iguputo, Treasure Island imene inkaonetsa nkhondo ya achifwamba a panyanja madzulo aliwonse, ndi MGM Grand yokhala ndi bwalo lalikulu la masewera a ana kuseri kwake.

Chimene chinatsatira ndi chimene makolo ambiri safuna kumva. Eni mahotela anawerengera ndalama zawo napeza kuti kholo lokankha mwana m'kangolo silikhalitsa pa tebulo la juga. Bwalo la masewera la MGM Grand linatsekedwa kwa anthu wamba mu 2000. Mu 2003 achifwamba a ku Treasure Island anachotsedwa, m'malo mwawo munalowa chionetsero cha atsikana ovala mosadzilemekeza, ndipo chaka chomwecho bungwe lokopa alendo mumzindawu linayamba kulengeza kudziko lonse kuti zochitika kumeneko zimathera komweko. Taganizani bwino, awerengi. Munthu amene akukulonjezani kuti adzakusungirani chinsinsi cha zimene mukachite kwake, kodi akuitana inu ndi ana anu, kapena akuitana inu kuti muthawe ana anu? Eni mzinda anatiuza okha poyera, ife ndife amene timakana kumva.

Ine ndinapita nawo m'mwezi wa Julaye, sukulu zitatsekera, titapanikizana m'galimoto imodzi anthu asanu ndi mmodzi. Hotela imene tinafikira sindiitchula, poti zimene ndinaona mmenemo ndi zimene zili m'mahotela ambiri a mumsewu waukulu uja amautcha Strip. Kuti uchoke pakhomo kukafika pa chikepe chokwerera kuchipinda, uyenera kudutsa pakati pa makina a juga. Kuti ukadye, udutse pamakina. Kuti ukasambe padziwe, udutsenso pamakina. Si kuti omanga anasowa malo. Anamanga dala chotero. Lamulo la ku Nevada limati munthu wosakwana zaka 21 asatchove juga ndipo asaime pamalo otchovera juga, koma kudutsa adutse. Choncho mwana amayendetsedwa mwamsangamsanga pakati pa magetsi ophethira ndi mabelu olira, m'fungo la fodya, popeza lamulo loletsa kusuta m'nyumba limene linabwera mu 2006 linasiya malo a juga osawakhudza. Amauzidwa kuti asaime, asagwire, asayang'anitsitse. Aliyense amene analerapo mwana akudziwa kuti palibe njira yachidule yokometsera chinthu m'maso mwa mwana yoposa imeneyi. Kangapo patsiku, kwa masiku anayi, mwana amaphunzitsidwa kuti ichi ndicho chokoma cha akuluakulu, ndipo chikumudikira.

Koma sadikira mpaka zaka 21, chifukwa anamukonzera kale sukulu yamkaka. M'mahotela ambiri muli chipinda cha masewera a ana. Kholo limagula kakhadi, n'kuikamo ndalama, mwana n'kumakakhwatcha pa makina. Makina ena amafuna luso pang'ono, koma ambiri amangofuna kuti udinde batani, gudumu lizungulire, magetsi aphethire, kenako matikiti atuluke, nthawi zina awiri, nthawi zina mazana. Matikitiwo amakasinthanitsa ndi chidole chimene mtengo wake sufika n'komwe pa ndalama imene yalowa. Hotela ya Circus Circus, imene inatsegulidwa mu 1968, inaika masewera otere m'mwamba, juga ya akulu ili pansi pake penipeni. Wachiwiri kubadwa mwa ana a mlongo wanga, mnyamata wa zaka zisanu ndi zinayi, atatha ndalama za pakhadi lake anabwera kwa ine maso ali psuu, nati, "Amalume, ingondiwonjezerani kamodzi kokha. Ndinangotsala pang'ono kupata zambiri." Mawu amenewo ndinawamvapo kale m'kamwa mwa amuna a ndevu zawo, ena mwa iwo atagulitsa njinga.

"Kungotsala pang'ono" kumeneku sikuchitika mwangozi. Mayi wina wophunzira za chikhalidwe cha anthu, Natasha Dow Schüll, anatha zaka zambiri akucheza ndi otchova juga pa makina ku Las Vegas komanso ndi opanga makinawo, ndipo mu 2012 anatulutsa buku lotchedwa Addiction by Design. M'bukumo anaonetsa kuti makinawo amakonzedwa kuti munthu akhalitsepo: amamupatsa timphoto ting'onoting'ono pa nthawi yosayembekezeka, amamuonetsa ngati waphonya pang'ono, mpaka munthuyo amasiya kufuna kupambana, amangofuna kuti asachokepo. Eni makina amayeza phindu lawo ndi kutalika kwa nthawi imene munthu wakhala pampando. Tsono wina andiuze kusiyana kwa gudumu la pansi ndi gudumu la m'mwamba, kupatula kuti lina limalavula ndalama, lina matikiti.

Mlamu wanga ndi munthu wanzeru, ndipo mfundo zake sindizipeputsa. Iye amati, "Alamu, mukukulitsa nkhani. Zipinda kuno zimatsika mtengo nyengo yotentha, madziwe osambira ndi aakulu, zoonera zaulere ndi zambiri, ndipo ana akuseka. Ife tilipo, tikuwayang'anira." Anawonjezanso kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi umusemere, imufotere yekha, aluze tindalama take lero kuti aphunzire. Zakuti zipinda zimatsika mtengo ndi zoona, koma chipinda chotsika mtengo m'nyumba ya juga chili ngati chimanga chomwazidwa pansi pa diwa. Zakuti ana amaseka ndi zoonanso, komatu mwana amasekanso ukamupatsa shuga wodzaza mbale. Ndipo mwambi wa nsatsi uja suli pamalo pake. Nyanga ya nsatsi imafota, mwana n'kuona yekha kuti analirira chabe. Makina aja sanapangidwe kuti afote. Anapangidwa ndi anthu ophunzira kwambiri, olipidwa bwino, kuti woluza achoke akukhulupirira kuti mawa ndi lake.

Za kuyang'anira ana ndiye ndisanene zambiri. Madzulo mukatuluka kuti mukaone akasupe ovina a pa Bellagio, mumayenda m'khwimbi la anthu onyamula mowa m'manja, ndipo pansi pamakhala mbwee timakhadi ta zithunzi za akazi ogulitsa thupi. Mwana wa zaka zisanu ali pafupi ndi nthaka kuposa inu, ndiye amayamba ndi iye kuziona. Mu 1997 mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri anaphedwa usiku m'chimbudzi cha kasino ina ku Primm, kumwera kwa Las Vegas, bambo ake ali pa juga. Sindikunena kuti zotere zimachitika tsiku ndi tsiku. Ndikunena kuti malo amene ntchito yawo ndi kuiwalitsa munthu wamkulu nthawi, mpaka ambiri osapachika n'komwe wotchi pakhoma, si malo amene kholo lingadzitamire kuti maso ake ali pa mwana.

Pali anzanga ena amene amagwirizana nane koma pa chifukwa cholakwika, ndipo amenewa ndiyenera kuwatsutsanso. Iwo amaloza akasupe ovina ndi madziwe, n'kumati mzindawu ukumaliza madzi a m'chipululu. Nkhaniyo si yophweka chotero. Ndi zoona kuti pafupifupi 90 peresenti ya madzi a mumzindawu imachokera ku nyanja ya Mead, imene inapangika kuseri kwa damu la Hoover, ndipo mu Julaye 2022 nyanjayo inaphwa mpaka kutsala ndi pafupifupi 27 peresenti ya madzi ake. Koma madzi a m'bafa ndi m'khitchini pafupifupi onse amayeretsedwa n'kubwezeredwa kunyanja komweko, dziwe la pa Bellagio limadzazidwa ndi madzi a m'zitsime za hotelayo, ndipo mu 2021 boma la Nevada linakhazikitsa lamulo lochotsa kapinga wongokongoletsa. Pa kasamalidwe ka madzi, mizinda yambiri ingaphunzire kwa iwo. Munthu ukafuna kudzudzula, dzudzula pamene pali chilonda.

Chilonda chake ndi ichi: mwana amatha masiku anayi pakati pa chipululu, n'kubwerako osadziwa kuti anali m'chipululu. Kunja kumatentha moti pa 7 Julaye 2024 kunafika madigiri 49, choncho mumachoka m'galimoto yozizira kulowa m'hotela yozizira, kuchoka mmenemo kulowa m'sitolo yozizira. Mwana amaona nsanja ya Eiffel imene si ya ku Paris, ngalande za ku Venice zokhala m'kati mwa nyumba pansi pa thambo lopaka utoto, ndi manda a Farao okhala ndi makina a juga m'mimba mwake. Chilichonse ndi chithunzi cha kwina. Chinthu chokhacho chimene chili chenicheni, ndicho nthaka youma imene zonsezi zaimapo, n'chimene chabisidwa mwaluso kuposa zonse. Akasupe enieni aja, amene anapatsa mzindawu dzina, anasiya kutumphuka mu 1962 anthu atapopa madzi apansi mopyola muyezo. Malo ake anawasandutsa osungirako mbiri ndi zachilengedwe, otchedwa Springs Preserve, amene anatsegulidwa mu 2007, koma ndi makolo angati mwa alendo oposa 41 miliyoni amene anafika mumzindawu mu 2024 anapita ndi ana awo kumeneko?

Tsiku lina m'mamawa, dzuwa lisanakwiye, ndinatenga anawo kupita ku Red Rock Canyon, makilomita osakwana 30 kumadzulo kwa mzinda. Kumeneko kuli mapiri a miyala yofiira ngati katondo, ndipo pa matanthwe ena pali zizindikiro za manja a anthu akale. Anawo anaphunzira za fulu wa m'chipululu, amene amatha pafupifupi moyo wake wonse ali kuuna, ndipo amasunga madzi m'chikhodzodzo kuti adutsire chilimwe. Ukamunyamula amakodza ndi mantha, n'kutaya nkhokwe yake yonse, mwina n'kufa ndi ludzu. Wamng'ono uja anafunsa mafunso okhudza fuluyo njira yonse yobwerera. Tsiku lotsatira tinakaima pa damu la Hoover, tinaona mzere woyera pa matanthwe wosonyeza pamene madzi ankalekeza kale, ndipo wamkulu, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, anafunsa yekha kuti, "Amalume, madzi onsewo anapita kuti?" Funso lotere silingabadwe pansi pa thambo lopaka utoto.

Wina anena kuti ndadzitsutsa ndekha, poti zabwinozi ndinazipeza pa ulendo womwewo. Ayi ndithu. Ndinazipeza potuluka mumzindawo, ndipo munthu safunika kugona m'nyumba ya juga kuti akazione. Pamene boma la America linkamanga damu lija, linadziwa bwino lomwe chimene Las Vegas angachite kwa antchito ndi mabanja awo, choncho mu 1931 linawamangira tauni yawoyawo pafupi ndi damulo, yotchedwa Boulder City, n'kuletsamo juga. Tauniyo ilipobe, ili ndi malo ogona alendo, ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Las Vegas, ndipo mpaka lero juga ndi yoletsedwa mmenemo. Mlamu wanga ndamuuza kuti akadzafunanso kuonetsa ana chipululu, tikagone kumeneko, ndipo mafuta a galimoto ndidzagula ndine.