Dzina la Citaganya Lisanamize Munthu

Alipo anthu ena, ndipo si mbuli ai, amene akamva kuti mphamvu za boma ziyenera kugawidwa amapukusa mutu. Iwo amati zotere zinayesedwa kale m'masiku a Citaganya ndipo zinapweteka anthu, cotero dziko lifuna mtsogoleri mmodzi wamphamvu, wosamangidwa manja ndi oweruza kapena aphungu. Mau awa amveka okoma m'khutu, koma mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu asawameze msanga, pakuti muli mbedza m'kati mwace.

N'zoona kuti Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba m'caka ca 1953, cinali goli, ndipo Harry Nkumbula sanalakwe potentha cikalata cace ku Lusaka caka comweco. Koma wofuna kudziwa cimene cinabvunda awerenge mipando ya m'Nyumba ya Malamulo ya ku Salisbury. Inalipo 35, ndipo anthu akuda, amene anali ocuruka koposa m'maiko onse atatu, anapatsidwa 6 yokha. Panalinso kabungwe kochedwa African Affairs Board, kamene nchito yace inali kunenera ku London malamulo a tsankho. M'caka ca 1957 kabungweko kanakana lamulo lokonzanso Nyumbayo, koma boma la ku London linangolibvomereza. Ameneyu anali mlonda wopanda mkondo. Kumene kuja sikunali kugawa mphamvu konse. Kunali kumanga maiko atatu mtolo umodzi kuti anthu owerengeka aunyamule ndi dzanja limodzi.

Kugawa kweni-kweni kuli kwina. Montesquieu wa ku France analemba m'caka ca 1748 kuti wopanga lamulo, woliyendetsa ndi woweruza asakhale munthu mmodzi. Anthu amene anakonza malamulo akulu a dziko la America ku Philadelphia m'caka ca 1787 anatsata nzeru imeneyi, nagawanso mphamvu kaciwiri, pakati pa boma lalikulu ndi maboma a zigawo. Sanali angelo, ambiri a iwo anali ndi akapolo, ndipo zigawo za kumwera zinabisala zaka zambiri kuseri kwa mphamvu zao pozunza anthu akuda. Komabe m'caka ca 1954 Bwalo Lalikulu linagamula kuti kupatula ana m'sukulu cifukwa ca khungu n'kulakwira malamulo akuluwo. Pamene Bwanamkubwa wa Arkansas anatsekereza ana akuda 9 pa khomo la sukulu ku Little Rock m'caka ca 1957, Pulezidenti Eisenhower anatumiza asilikali, ndipo anawo analowa. Wozunzidwa ndi boma limodzi anali nalo khomo lina logogodapo.

Citaganya cinafa pa 31 December 1963. Ufulu utadza, otamanda mtsogoleri mmodzi analandira cimene anafuna: Malawi anakhala dziko la cipani cimodzi m'caka ca 1966, ndi Zambia m'caka ca 1972, ndipo konse kuwiri cifukwa cace anati ndi umodzi. Umodzi ndi cinthu cabwino, koma kodi oweruza anauononga bwanji? Ku Malawi, m'caka ca 1969, boma la Dr. Banda linapatsa mabwalo a mafumu mphamvu yoweruza milandu ya imfa, ndipo m'mabwalo amenewo woimbidwa mlandu sanali kuloledwa kukhala ndi loya. Orton Chirwa, amene anakhalapo nduna ya zacilungamo ya dziko lomwelo, anaimirira m'bwalo lotere pamodzi ndi mkazi wace Vera, nagamulidwa kuti afe m'caka ca 1983. Sananyongedwe, koma Orton anafera m'ndende ya ku Zomba m'caka ca 1992. Munthu wodziwa malamulo kuposa omweruza anasowa kothawira, popeza makomo onse anali ndi mwini mmodzi.

Onena kuti oweruza acedwetsa nchito za boma sanama. Acedwetsadi, ndipo anaikidwirapo zomwezo. M'mwezi wa February 2020 oweruza asanu ku Lilongwe anafafaniza cisankho ca Pulezidenti ca 2019 cifukwa ca zolakwika pa kuwerenga mavoti. Peter Mutharika anadandaula ku Bwalo Lalikulu la Apilo, koma nakonso anamkana, ndipo m'mwezi wa June anthu anavotanso nasankha Lazarus Chakwera.