Funsani eni mzinda musanaitane ogumula

Pa 31 Meyi 2013 khonsolo ya mzinda wa St. Petersburg, m'chigawo cha Florida ku America, inatseka doko lake lotchuka la pa nyanja ya Tampa Bay. Eni malesitanti ndi timasitolo tomwe tinali kunsonga kwa dokolo analongedza katundu wawo, antchito n'kuuzidwa kuti ntchito yatha. Pa 27 Ogasiti chaka chomwecho, miyezi itatu isanakwane n'komwe, anthu a mumzindawo anaponya voti ndipo anakana pulani ya doko latsopano lomwe khonsolo inkafuna kumanga. Pomwe ankakhoma zitseko zija, akuluakulu a mzindawo ankadziwa kuti anthu zikwizikwi anali atasayina kale chikalata chofuna votiyo. Anakhomabe. Doko lina linadzatsegulidwa pa 6 Julayi 2020, ndiye kuti kwa zaka 7 mzinda wonse unakhala wopanda malo omwe unkadziwika nawo.

Ndikulemba za mzinda wakutali chotere chifukwa kumeneko kunalibe mbiri yoti wina wasolola ndalama. Tenda inalengezedwa poyera, makampani anapikisana, makomiti anakhala pansi, maminitsi analembedwa. Malamulo anatsatidwa, koma zinthu zinasokonekerabe. Ife tikamva za tenda timathamangira kufunsa kuti wadyapo ndani, ndipo n'zoona funsolo n'lofunika. Koma pali matenda ena omwe ngakhale wofufuza za katangale sangawapeze m'mafayilo: khonsolo kuyamba kusaka womanga isanamvane ndi eni mzinda kuti chomangidwacho n'chiyani.

Doko la ku St. Petersburg si lokochezapo sitima za katundu. Ndi msewu wautali woimikidwa pa zipilala, wolowa m'nyanja, womwe anthu amapitako kukawedza, kukadya, kukapitidwa mphepo ndi kukaona mzinda wawo ali pamadzi. Mzindawu wakhala ndi doko kuyambira 1889, pomwe kampani ya njanji inamanga loyamba. Mu 1926 anatsegula lomwe ankalitcha Million Dollar Pier, ndipo nyumba yake inagumulidwa mu 1967. Mu 1973 kunsongako kunadzaima nyumba ya nsanjika zisanu yooneka ngati piramidi yozondoka, yopapatiza pansi, yotambasuka kumwamba, yomwe anaijambula William Harvard. Ena ankainyoza kuti njonyansa, ena anakula nayo. Makolo ankatengera ana awo kumeneko kukagula tinsomba todyetsa avuwo omwe ankatera pamatabwa a m'mbali mwa dokolo, kenako n'kukwera pamwamba kukaona maboti.

Sindikutsutsa kuti dokolo linkafunika ntchito. Zipilala zambiri zomwe zinanyamula msewu wopita kunsonga zinali zomwe zija za mu 1926, ndipo madzi amchere anali atalowerera mu simenti n'kudya zitsulo zam'kati. Chaka ndi chaka mzinda unkaonjezera ndalama zoposa $1 miliyoni kuti malowo aziyendabe. Mu 2005 khonsolo inagwirizana ndi boma la dera la Pinellas kupatula $50 miliyoni, yochokera ku msonkho wa nyumba ndi malo a pakati pa tauni, kuti ikonzere dokolo. Kufika apa palibe cholakwika.

Zinayamba kupotoka mu 2010, pomwe makhansala anamanga mfundo yoti piramidi ija igwetsedwe. Chaka chotsatira anaitana akatswiri ojambula mapulani a padziko lonse kuti apikisane, ndipo mu Januwale 2012 oweruza asanu anasankha pulani yotchedwa The Lens, ya Michael Maltzan wa ku Los Angeles. Pa pepala inali yokongola zedi: misewu iwiri yokhotakhota yokakumana pansi pa chidenga choyera, ndipo pakati pake dimba la pansi pa madzi loti anthu azisuzumira zamoyo za m'nyanja. Akatswiri a za m'nyanja a mumzinda momwemo atafunsidwa ananena kuti madzi a Tampa Bay ndi a mbuu, dimbalo silingaoneke, ndipo linachotsedwa mu pulani. Anthu wamba nawo anali ndi mafunso awo osavuta. Dzuwa la ku Florida likaswa mtengo tikabisala pati? Mvula ikagwa? Tikadyera kuti? Otsutsa anayamba kuitcha msewu wosapita kulikonse.

Wina anganene kuti anthu anafunsidwa, popeza komiti ya nzika inakhala ikuchititsa misonkhano mu 2009 ndi 2010 n'kulemba lipoti. N'zoona. Koma kufunsa munthu kenako n'kukachita zako si kufunsa. Zomwe anthu ananena sizinasanduke mfundo zomanga manja opikisana aja, zoti wosazitsata agwe pompo. Zinangokhala malangizo, ndipo oweruza anasankha chomwe chinawasangalatsa m'maso.

Anthu sanagone. Mu 2012 gulu lina linasonkhanitsa masiginecha zikwizikwi kupempha kuti nkhani ya piramidi ipite ku voti. Khonsolo inatemetsa nkhwangwa pamwala, inati lamulo siliikakamiza. Gulu lachiwiri, Concerned Citizens of St. Petersburg, linaphunzirapo. Linalemba chikalata chake motsata ndime ya malamulo a mzindawo yomwe imalola nzika kubweretsa lamulo lawolawo, ndipo lamulo lomwe linabweretsa linali lothetsa kontilakiti ya Maltzan. Apa khonsolo inalibe pothawira. Pa voti ya mu Ogasiti 2013 ija, anthu pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse anati kontilakitiyo ithe. Ndalama pafupifupi $4 miliyoni zinali zitapita kale, zambiri mwa izo pa mapulani a chinthu chomwe sichinamangidwe. Mu Novembala meya Bill Foster anagwa pa chisankho, Rick Kriseman n'kulowa.

Safunsa anadya phula, koma pano amene anadya phulalo si amene sanafunse. Makhansala ambiri anapitiriza ntchito zawo. Wojambula mapulani analipidwa pa ntchito yomwe anagwira, ndipo sindimuda, anachita zomwe anamutuma. Amene analipira ndi woperekera zakudya mu lesitanti, wogulitsa nyambo kwa owedza, mayi wa kasitolo ka zikumbutso, omwe anachotsedwa mu Meyi kuti apereke malo kwa ogumula. Ogumulawo sanabwere mpaka Ogasiti 2015. Kwa zaka ziwiri zathunthu nyumba ija inangoima ili yokhoma, anthu akuiona ali kumtunda. Palibe injiniya amene angandiuze kuti kudikira miyezi itatu kuti voti idutse kukanagwetsa zipilala zomwe zinadzaimabe zaka zina ziwiri. Ine ndimaona kuti kutseka msangako kunali kufuna kuwauza anthu kuti nkhani yatha, za piramidi muiwale.

Khalidwe limeneli ndi lomwe ndikulimbana nalo. Kugumula n'kosavuta ndipo n'kotchipa poyerekeza ndi kumanga. Kontilakitala wogumula amapezeka msanga, ntchito yake imaoneka msanga, ndipo ikachitika sibwerera. N'chifukwa chake akuluakulu ofuna kuumiriza maganizo awo amakonda kuyambira kumeneko. Chakale chikagwa, wotsutsa aliyense amasanduka mdani wa chitukuko, chifukwa tsopano pali bwinja ndipo aliyense akufuna kuti pabwere kanthu. Tenda yogumula ikatsogola, mkangano wa chomwe chimangidwe umakhala wapendekeka kale.

Meya watsopano anayambiranso, ndipo poyamba anayenda bwino. Anakhazikitsa gulu lomwe linafunsa anthu zomwe akufuna pa doko, monga malo owedzera, mthunzi, malo odyera ndi poonera nyanja, ndipo zimenezi zinalowa m'chikalata choitanira opikisana. Koma kumayambiriro kwa 2015 anabwereza theka la cholakwa chija. Mzinda unachititsa kafukufuku woti anthu asankhe pulani yomwe aikonda mwa zomwe zinatsala mu mpikisano watsopanowo. Yomwe inapambana inali Destination St. Pete Pier, yomwe inkasunga piramidi ija n'kuikonzanso. Komiti yosankha sinaitenge. Pa msonkhano wa mu Malichi womwe unatenga tsiku lonse mpaka usiku, komitiyo inkapendekera ku pulani ina yotchedwa Alma, yomwe anthu anaiika kumunsi, ndipo anthu atalusa inabalalika osamanga mfundo. Mu Epulo inasankha Pier Park, ya Rogers Partners ndi anzawo, yomwe inali yachiwiri pa kafukufuku uja.

Chifukwa chomwe chinaperekedwa n'chakuti lamulo la Florida lolembera akatswiri otere limafuna kuti asankhidwe potengera luso ndi kuyenera kwawo, osati kuchuluka kwa owakonda. Lamulolo lili ndi nzeru yake, sindikulinyoza. Mainjiniya sasankhidwa ndi m'manja. Koma ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani munauza anthu kuti asankhe pakati pa mapulani? Malo oyenera mawu a anthu anali poyambirira, pa funso lomwe silifuna digiri: piramidi yathuyi tiisunge kapena tiigwetse? Funso limenelo, lomwe anthu analipempha ndi masiginecha mu 2012, silinapite konse ku voti. Anthu anapatsidwa mpata wosankha pomwe lamulo silinkawalola kusankha, n'kumanidwa mpata pomwe akanatha kusankha.

Mzinda umenewu unayenera kusamala kuposa ina yonse pa nkhani ya yemwe ali ndi mawu pa gombe lake. Pafupi ndi pomwe doko limayambira pali Spa Beach, pomwe anthu akuda sankaloledwa kusambira. Mu 1955 anthu akuda asanu ndi mmodzi, mmodzi mwa iwo Dr Fred Alsup, anakasuma ndipo anapambana, koma mu 1958 mzinda unalolera kutseka gombelo kwa kanthawi kusiyana n'kuti akuda asambe limodzi ndi azungu. Mu 2020 pamalopo panapachikidwa chosema chachikulu cha ukonde cha Janet Echelman, chotchedwa Bending Arc, chomwe dzina lake limakumbutsa za nkhondo yomenyera ufulu ija. Akuluakulu odziwa mbiri yotere sayenera kuchita kukokedwa ndi masiginecha kuti amve anthu awo.

Tsono otsutsana nane ali ndi mfundo yamphamvu, ndipo sindiibisa. Doko lomwe linatsegulidwa mu 2020 anthu akulikonda. Lili ndi malo osewerera ana, gombe, msika wa amalonda ang'onoang'ono, malo ophunzirira za m'nyanja, malo owedzera ndi malesitanti, pa malo okwana maekala 26. Ambiri omwe ankalira piramidi lero amapita komweko ndi adzukulu awo. Ndiye vuto lili pati, poti zinatha bwino?

Vuto lili pa mtengo. Ntchito yomwe inayamba ndi $50 miliyoni inathera pa ndalama zoposa $90 miliyoni. Mbali ina ya kukweraku n'chifukwa choti anakulitsa ntchito, anaonjezera $20 miliyoni yokonzera kumtunda komwe doko limayambira, kenako n'kuonjezeranso zina. Koma zimenezi zikungotsimikiza mfundo yanga: zomwe anthu ankafuna kuyambira pachiyambi zinadzalowa mochedwa, pang'onopang'ono, aliyense atatopa ndi kukangana, ndipo sizinayikidwe pa sikelo limodzi pa tsiku loyamba kuti eni msonkho aone mtengo wonse n'kuvomera. Komanso m'zaka zomwezo za 2015 ndi 2016, mvula yamphamvu itagwa, mapaipi ndi malo oyeretsera zonyansa a mzindawo analephera, ndipo madzi a m'zimbudzi ochuluka zedi anatayidwa, ena mwa iwo m'nyanja yomweyo ya Tampa Bay. Ndalama za doko zinali za thumba lina, ndikudziwa, koma nthawi ndi maso a atsogoleri ndi amodzi. Zaka zomwe anathera pokangana za maonekedwe a chidenga ndi zomwezo zomwe mapaipi ankaolera pansi.

Ndiponso chomwe chinapulumutsa St. Petersburg si nzeru za khonsolo. Ndi ndime ija ya malamulo yomwe inapatsa nzika mphamvu yoimitsa kontilakiti ndi voti, kuphatikizapo thumba lakuya lomwe linatha kupirira kutaya $4 miliyoni n'kuyambiranso. Makhonsolo athu kuno alibe thumba lotero, ndipo anthu athu alibe njira yotero. Lamulo lathu la zogulagula za boma ndi bungwe la PPDA, lomwe limaonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa, zimayang'ana ngati tenda inalengezedwa bwino, ngati opikisana anapatsidwa mwayi wofanana, ngati mtengo uli woyenera. Zimenezo n'zofunika, koma wogulitsa tomato amene akuuzidwa kuti asamuke kuti msika ugumulidwe, kapena kondakitala amene depoti yake ikutsekedwa, sizimuyankha funso lake loti abwerera liti ndipo akapeza chiyani. Tenda yoyera ingathe kubala msika womwe amalonda akuukana.

Choncho pempho langa kwa inu a khansala, a meya ndi akuluakulu a makhonsolo ndi ili. Musanalengeze tenda ya chinthu chomwe anthu akuchigwiritsa ntchito kale, kaya ndi doko, msika kapena depoti, yambani mwafunsa ngati chigwe kapena chikonzedwe, ndipo yankho lake lilembedwe m'chikalata cha tenda monga mfundo yoti woiphwanya agwe. Nenani poyera mtengo wonse, kuphatikizapo ndalama zomwe chinthucho chizidzadya chaka ndi chaka. Ndipo kontilakiti yogumula musaisayine, ngakhale loko musakhome, kufikira pulani ya cholowa m'malo itavomerezedwa, ndalama zake zitapezeka, ndipo amene amapezera chakudya pamalopo atauzidwa komwe akhale ndi tsiku lobwerera.